Mafunso ndi Mayankho: Njira zomwe ana aang'ono angathe kuyenda pachilumba

Sukulu zikamayandikira kutsekera, makalata ambiri omwe timalandira amachokera kwa makolo omwe akukonza ulendo wa pachilumba ndipo sakufuna kuti ana akangogona pamchenga tsiku lonse. Ena akupita ku Likoma, ena ku Zanzibar, enanso ku Mauritius. Tasankhapo angapo.

Funso: Akonzi, tikupita ku Likoma mu Ogasiti ndi ana awiri, wa zaka 3 ndi wa zaka 7. Bambo awo akuti tidzazungulire chilumba chonse wapansi poti n'chaching'ono. Kodi ana amsinkhu umenewu angayende mtunda wautali bwanji? — Mayi wa ana awiri, Lilongwe

Yankho: Mayi, pa mapu Likoma n'chaching'onodi, masikweya kilomita pafupifupi 18 basi. Koma kuchokera kumpoto kukafika kumwera pali makilomita pafupifupi 8, ndiye kupita ndi kubwera ndi 16, osawerengera kukhotakhota kwa njira, mchenga ndi zitunda. Umenewo ndi ulendo wa tsiku lathunthu kwa munthu wamkulu. Bambo adzapite okha tsiku lina m'bandakucha, anawo awasiye.

Ulendo wa banja umapimidwa ndi miyendo ya mwana wamng'ono kwambiri, osati ya wamkuluyo, ndipo osati ya bambo. Muyezo wongoyerekeza ndi uwu: mwana wa zaka 3 kapena 4 amatha kilomita imodzi mpaka 2, wa zaka 5 mpaka 7 amatha 3 kapena 4, wa zaka 8 mpaka 10 amatha 5 kapena 6. Apa tikunena malo athyathyathya, kunja kusanatenthe, ndipo manambalawa ndi a kupita ndi kubwera pamodzi. Ana amasiyananso. Wa kumudzi yemwe amayenda wapansi kupita kusukulu tsiku lililonse amapyola muyezowu mosavuta, pomwe wa m'tauni wozolowera kutsitsidwa pageti la sukulu ndi galimoto safikapo.

Choncho muyeseni kunyumba konko. Sabata ziwiri musananyamuke, yendani naye madzulo katatu kapena kanayi, atavala nsapato zomwe adzavale kuchilumbako. Yang'anani wotchi pomwe wanena koyamba kuti "ndinyamuleni". Ngati wanena patatha mphindi 30, ku Likoma muwerengere mphindi 20, chifukwa mchenga umadya mphamvu ndipo dzuwa la kunyanja si la ku Lilongwe. Musadabwe ndi liwiro lake: mwana wa zaka 3 amayenda kilomita imodzi ndi theka pa ola, nthawi zina osafikanso, poti buluzi aliyense ayenera kumuimira ndipo mwala uliwonse wonyezimira ayenera kuutola.

Kwa ana anuwa, ulendo woyambira wabwino ndi wochokera pamsika wa Mbamba kukwera kupita ku tchalitchi chachikulu cha St Peter, chomwe amishoni a mpingo wa Anglican, a bungwe la UMCA, adayamba kumanga mu 1903. Ndi pafupi, chitunda chake n'chofatsa, anthu amadutsa nthawi zonse, ndipo mkati mwa tchalitchimo ndi mozizira bwino, ana amapumuliramo. Masiku otsatira sankhani njira zodutsa m'midzi, momwe muli mitengo ya mango ndi timagolosale. Milambe ya ku Likoma ndi yokongola pachithunzi, koma mu Ogasiti imakhala itayoyola masamba, ndiye mthunzi wake ndi wa thunthu lokha. Mango ndiwo amakhala ndi masamba chaka chonse.

Sankhani njira yoti mudzabwerera momwemo, osati yozungulira. Yozungulira imakunyengani: mukafika pakati mwana atatopa, kutsogolo n'kutali, kumbuyo n'kutali, ndipo zomwe zili kutsogoloko simukuzidziwa. Njira yobwerera momwemo mungatembenuke paliponse. Tcherani alamu pafoni pa theka la nthawi yomwe mwana amatha, ikalira tembenukani, ngakhale mwanayo akudumphadumpha. Makolo ambiri amadikira kuti mwana atope kaye ndiye abwerere, kuiwala kuti mtunda wonse wayendedwawo ukudikira.

Zinthu ziwiri za nyengoyi. Mwera umawomba kwambiri kuyambira Juni mpaka Ogasiti, umaumitsa thukuta ndipo munthu umamva ngati kwazizira, koma dzuwa likuwotchabe ndipo thupi likutayabe madzi. Komanso mwera womwewo umachedwetsa zombo, moti Ilala itha kukufikitsani usiku ana atatopa ndi mafunde. Tsiku loyamba musakonze ulendo uliwonse wapansi.

Funso: Ndimakhala ku Johannesburg ndipo banja lathu likupita ku Mauritius mu Disembala. Pa intaneti ndawerenga kuti phiri la Le Morne ndi losavuta, ena akuti ndi lovutirapo. Ana anga ali ndi zaka 5 ndi 8. Ndikhulupirire ziti? — Bambo wa ku Mangochi, Johannesburg

Yankho: Bambo, onsewo akunena zoona, kungoti sakunena za ana anu. Amene amalemba kuti "njira yosavuta" nthawi zambiri ndi wachinyamata wopanda mwana kumsana. Le Morne Brabant ndi lalitali mamita 556. Gawo loyamba la njira yake ndi msewu wotakata wokwera pang'onopang'ono, ndiye gawo lomwe anthu amalitcha losavuta. Gawo lachiwiri ndi lokwera ndi manja pamiyala yotsetsereka mpaka pamtanda wachitsulo, ndipo pambali pake pali phompho. Kumeneko mwana wa zaka 5 asapiteko, wa zaka 8 yemwe ifenso sitingakulimbikitseni. Kukwera ana amakwanitsa ndithu, poti ndi opepuka ndipo alibe mantha. Ngozi imachitika potsika, miyendo itayamba kunjenjemera, mwana sakuona poponda.

Mutha kuwerengera nokha nthawi. Lamulo lakale la William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, la mu 1892, limati munthu wamkulu amatenga ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Le Morne ndi makilomita pafupifupi 7 kupita ndi kubwera, okwera mamita pafupifupi 500, ndiye ndi maola awiri ndi mphindi zingapo kwa wamkulu wosapuma. Mukakhala ndi ana, chulukitsani kawiri. Maola anayi ndi theka pa dzuwa la Disembala, paphiri lomwe kumtunda kwake kulibe mthunzi, si tchuthi.

Ngati mukufunitsitsa kuti ana alione phirili, ndipo n'loyenera kuliona poti ndi malo omwe akapolo othawa ankabisalako, lomwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, idalizindikira ngati malo a mbiri mu 2008, yendani gawo loyambalo m'mawa kwambiri, mufike pamalo oyamba oonera nyanja, mutembenuke. Le Pouce, la mamita 812, lilinso chimodzimodzi: pansi n'pofatsa, nsonga yake n'njowongoka. Mathithi a Tamarind Falls asiyeni. Miyala yake imaterera ndipo mitsinje ya m'zigwa zimenezo imadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumtunda, ngakhale pomwe mulipo kuli dzuwa.

Zoyenera ana anu zilipo zambiri. Île aux Aigrettes ndi kachilumba kakang'ono pafupi ndi Mahébourg, koyang'aniridwa ndi Mauritian Wildlife Foundation. Mumawoloka pa boti kwa mphindi zochepa, njira yake ndi yathyathyathya, mumayenda ndi wolondolera, ndipo ana amaona afulu akuluakulu ndi nkhunda za mtundu wa pinki zomwe zidatsala pang'ono kutheratu. Pamafunika kulembetsa pasadakhale. Munda wa zomera wa ku Pamplemousses uli ndi njira zotakata ndi mithunzi ya mitengo ikuluikulu. Nkhalango ya Bras d'Eau kummawa kwa chilumbachi ilinso ndi njira za mumthunzi, koma pansi pake pali miyala yakuda yosongoka, ndiye nsapato zikhale zotseka. Ku Black River Gorges yambirani kumtunda, ku Pétrin, komwe kumazizirirapo ndipo njira zoyamba n'zosakwera. Yendani mphindi 40, bwererani. Dothi lofiira la kumeneko likanyowa limaterera ngati therere.

Kulikonse komwe mungapite, musafunse kuti "kodi njirayi ndi yosavuta?" poti yankho limakhala "eya" nthawi zonse. Funsani kuti imakwera mamita angati, ngati pali malo ofunika kugwira ndi manja, ngati pali phompho kapena mtsinje wowoloka, komanso kuti ndi gawo lalikulu bwanji lomwe lili mumthunzi pa ola lomwe mudzayende. Funsaninso kuti mwana wamng'ono kwambiri yemwe adaiyendapo ndi miyendo yake anali ndi zaka zingati. Funso lomalizali ndi lomwe limaulula zambiri.

Disembala ali mkati mwa nyengo ya anamondwe ku Mauritius, yomwe imayamba Novembala mpaka cha mu Epulo. Mverani chenjezo la zanyengo m'mawa uliwonse, ndipo likangoperekedwa musalowe m'nkhalango.

Funso: Ine ndi agogo, ndikuperekeza zidzukulu zitatu kunyanja. Kodi tinyamule madzi ochuluka bwanji, nanga ndingadziwe bwanji kuti mwana wapsa ndi dzuwa mkati? — Agogo aakazi, Zomba

Yankho: Agogo, mwana wotanganidwa ndi kusewera sanena kuti ali ndi ludzu mpaka zitafika poipa, ndiye musadikire kuti apemphe. Mupatseni theka la kapu, pafupifupi mamililita 100, pa mphindi 20 zilizonse. Wamkulupo wa zaka 9 kupita m'tsogolo atha kumwa kapu yonse. Pa ulendo wa maola awiri nyamulani lita imodzi pa mwana aliyense ndi lita imodzi ndi theka pa munthu wamkulu. Otsalawo si owonjezera katundu: ndi otsukira bala ndi onyowetsera mutu. Theka la madzi likatha, ulendo watha, tembenukani. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera chotani, mwana asamwe osawiritsa kapena osathira mankhwala monga WaterGuard n'kudikira mphindi 30.

Nthawi yoyendera ndi yomwe imateteza kuposa botolo. Nyamukani 6 koloko kapena 6:30 m'mawa, ikamakwana 9:30 mukhale mwabwerera. Kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 3 masana ana akhale pamthunzi. Ngati mulibe wotchi, yang'anani chithunzithunzi cha mwanayo pansi: chikafupika kuposa iye mwini, dzuwa lafika powononga. Madzulo muthanso kuyenda kuyambira 4 koloko, koma kumbukirani kuti kuno dzuwa likangolowa mdima suchedwa, patangopita mphindi 20 kapena 25 njira simuionanso, ndipo mu Juni ndi Julayi limalowa 6 koloko isanakwane.

Zizindikiro zoyamba ndi izi: mwana wolongolola wangoti zii, akudandaula mutu, akuchita chizungulire kapena nseru, akutuluka thukuta kwambiri, miyendo ikukokana, mkodzo ndi wochepa komanso wachikasu kwambiri. Mukaona zimenezi mugonekeni pamthunzi, mumasule zovala, munyowetse khosi, m'khwapa ndi mutu, mumukupize, ndipo mumwetse Thanzi pang'onopang'ono. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino, osati mu kapu, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Thanzi akasowa, sakanizani lita imodzi ya madzi ndi tisupuni 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere. Mchere musapyoze, wochuluka umavulaza mwana.

Pakatha mphindi 30 ayenera kukhala atatsitsimuka. Akapanda kutero, kapena akayamba kubwebweta, kusazindikira anthu, kukomoka, kapena thupi kutentha kwambiri, imeneyo ndi ngozi ya moyo. Mthireni madzi thupi lonse, musamumwetse kanthu ngati sakudzuka bwino poti angatsamwe, ndipo thamangani naye kuchipatala mukumuziziritsabe m'njira. Panado sachiza kutentha kwa mtundu umenewu.

Kamba wa paulendo akhale wosawola msanga: nthochi, mbatata yophika, zitumbuwa, malalanje. Mtedza wathunthu musapatse mwana wosakwana zaka 5, makamaka akuyenda kapena kuseka, chifukwa umatsamwitsa.

Funso: Mapatapata sangakwane? Kugula nsapato zatsopano ana atatu n'kodula. — Mayi, Kasungu

Yankho: Pamchenga wa pagombe akwana. M'njira za miyala ayi: phazi likatuluka thukuta limaterereka, chala chachikulu chimagunda mwala, ndipo lamba akaduka mwana mwamunyamula mpaka kunyumba. Simukufunika majombo okwerera mapiri. Nsapato zotseka za mphira zomwe amavala kale, zokhala ndi mizere pansi, pamodzi ndi masokosi, n'zabwino kuposa zatsopano, poti zatsopano zimatulutsa matuza tsiku loyamba. Za pa kaunjika zili bwino, bola azivale sabata imodzi kunyumba.

Nsapato zotseka zimatetezanso ku matekenya ndi minga. M'njira za m'tchire za kuno kwathu chenjerani ndi chitedze mvula ikatha, nyemba zake zikauma. Mwana akachikhudza asakande; chotsani ubweyawo ndi selotepi, mutsuke ndi madzi ndi sopo, musinthe malaya. Wamkulu aziyenda patsogolo chifukwa cha njoka, ndipo ana asapise manja m'mapanga a miyala. Njoka ikaluma musatemere, musayamwe, musamange mwendo ndi chingwe cholimba. Mwanayo asayende, mnyamuleni, mwendowo usagwedezeke, mupite kuchipatala.

Funso: Tikupita ku Zanzibar ndi mwana wa zaka 4 ndi wa zaka 6. Tamva za nkhalango ya Jozani, komanso kuti madzi akaphwa anthu amayenda pansi pa nyanja. Zili bwino kwa ana? — Banja lina, Mzuzu

Yankho: Jozani ndi imodzi mwa njira zoyenera ana kwambiri m'dera lonselo. Ili makilomita pafupifupi 35 kuchokera ku Stone Town, m'njira yopita ku Paje, ndipo idakhala paki ya dziko mu 2004. Ndi yathyathyathya, ili mumthunzi, mumayenda ndi wolondolera wa pakiyo, ndipo gawo la m'nkhalango limatenga pafupifupi ola limodzi. Chokopa ana ndi apusi ofiira otchedwa colobus, omwe sapezeka kwina kulikonse kunja kwa zilumba za Zanzibar. Ndi ozolowera anthu moti amakhala pafupi kwambiri, ndipo amadziwika ndi khalidwe lodya makala, lomwe limawathandiza kugaya masamba a mitengo ina. Auzeni ana musanatsike galimoto kuti palibe kuwagwira kapena kuwapatsa chakudya, ndipo ataime mamita atatu. Nyani kapena pusi aliyense akaluma kapena kukanda mwana, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

Pansi pa nkhalangoyi pali mizu ndi miyala yakuthwa, ndipo nyengo ya mvula yambiri, Malichi mpaka Meyi, njira zina zimalowa madzi. Gawo lachiwiri ndi kamlatho ka matabwa kodutsa m'mitengo ya mangrove, yomwe imamera m'madzi amchere, komwe ana amakonda kusuzumira nkhanu. Wa zaka 4 mumugwire dzanja pamenepo. Fikani m'mawa pakiyo ikangotsegulidwa, mabasi a alendo asanadzadze.

Za kuyenda pansi pa nyanja, apa ndi pomwe ife ozolowera nyanja ya Malawi timalakwitsa, chifukwa yathuyi siphwa ndi kudzaza tsiku ndi tsiku. Nyanja yamchere imaphwa kawiri n'kudzaza kawiri pa tsiku. Kuchokera pomwe yaphweratu kufika pomwe yadzaziratu ndi maola pafupifupi 6, ndipo nthawizi zimasuntha mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ndiye ola lomwe mudaona anthu akuyenda dzulo si la lero. Kugombe la kummawa, ku Paje ndi Jambiani, madzi amathawa kutali kwambiri, makamaka mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, ndipo masiku omwewo ndi omwe amabwerera mwamphamvu. Sabwera ngati khoma loti muliona. Amayamba kudzaza m'makwawa ndi m'maenje, ena ali kumbuyo kwanu pakati pa inu ndi gombe. Madzi ofika m'mawondo mwa bambo afika m'chiuno mwa mwana wa zaka 4. Ola loyamba amakwera pang'ono n'kukupusitsani; ola lachitatu ndi lachinayi ndi pomwe amathamanga.

Chitani chonchi: funsani pamalo ogona ndandanda ya kuphwa kwa madzi ya tsikulo. Lowani ola limodzi madzi asanaphweretu, ndipo nthawi yophweratuyo ikakwana mukhale mwatembenuka. Ndi ana musapyole mtunda womwe mungawanyamule onse awiri pobwerera, mamita 300 kapena 400 akwana. Kumpanda wa miyala komwe mafunde amaswekera n'kwa akuluakulu okhala ndi wolondolera.

Aliyense avale nsapato za m'madzi zokhala ndi pansi pochindikala, chifukwa cha sea urchin, tizilombo tozungulira ta minga yakuda italiitali tomwe timabisala m'maenje. Mingayo ikalowa imathyokera mkati. Vikani phazilo m'madzi otentha omwe inuyo mwayamba mwayesa ndi dzanja lanu, kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, zulani yoonekayo ndi kopanira, yozama musakumbe ndi singano. Ikakhala pamfundo kapena pakatupa pitani kuchipatala. Ana asatole zigoba zosongoka ngati chitsononkho zomwe muli chamoyo, zina zimabaya ndi ululu woopsa. Timitengo ndi zingwe zomwe mudzaone m'madzi osaya ndi minda ya ndere ya amayi a m'midzimo, ndipo n'chomwe amadyera, muzilambalale. Potuluka kugombe kulowa m'mudzi, mayi afunde chitenje ndipo bambo avale malaya. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu ndipo amayamikira ulemu umenewu.

Funso: Mwana wanga ali ndi miyezi 8. Poti ndimamubereka, ndingayende naye paliponse pomwe ine ndingathe? — Mayi wachitsikana, Nkhata Bay

Yankho: Ayi, achemwali. Mwana wa kumsana amatentha kawiri, dzuwa kumbuyo kwake ndi thupi lanu kutsogolo kwake, ndipo inu simukumuona nkhope. Kugona kwake kutha kukhala tulo, kuthanso kukhala kulefuka. Pa mphindi 20 zilizonse imani pamthunzi, mumutsitse, mumugwire pakhosi ndi pachifuwa, muone ngati thewera likunyowa. Liwombo likalowa, kapena akamalira popanda misozi, madzi achepa m'thupi. Muyamwitseni pafupipafupi kuposa masiku onse, ndipo poti wapyola miyezi 6 mutha kumupatsa timadzi towiritsa pang'ono. Wosakwana miyezi 6 amafunika bere lokha, ndipo asakhale padzuwa n'komwe.

Gwiritsani chitenje chimodzi cha thonje chopyapyala, osafunditsanso china pamwamba pa mutu wake; chipewa chokhala ndi mlomo wotakata chikwana, mphuno ndi kamwa zikhale poyera. Ulendo usapyole ola limodzi, ndipo njira ikhale yoti simufunika kugwira mwala ndi manja, poti mukaterereka chagada wogwera pansi ndi iyeyo. Mukakwera bwato kapena boti mumasuleni kumsana, mumufukate pamiyendo. Ngozi ikachitika pamadzi, mwana womangidwa kumsana nkhope yake imamira inu mukuyesetsa kuyandama.

Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amaloledwa kwa mwana wopyola miyezi iwiri, a mphamvu ya pakati pa 10 ndi 30 peresenti, koma osadzoza m'manja kapena pafupi ndi maso ndi pakamwa. Usiku agone m'neti.

Funso: Mwana wathu wa zaka 6 ndi wachialubino. Ayende nawo anzake kapena atsale? — Bambo, Dedza

Yankho: Ayende nawo, Bambo, mungosintha nthawi ndi njira. Ulendo uthe 9 koloko isanakwane kapena uyambe 4 koloko itadutsa. Avale malaya a manja aatali, buluku lalitali, chipewa chophimba makutu ndi khosi, ndi magalasi a dzuwa. Mafuta oteteza khungu akhale a SPF 50 (nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yake) kapena kuposa, adzole mphindi 20 asanatuluke, abwereze pa maola awiri alionse ndiponso akangotuluka m'madzi. Musaiwale makutu, milomo, kuseri kwa khosi ndi pamwamba pa mapazi. Mchenga ndi madzi zimabweza kuwala kuchokera pansi, ndiye chipewa chokha sichikwanira pagombe. Ana ambiri achialubino saona bwino patali ndipo kuwala kumawathobwa m'maso, choncho sankhani njira yosalala, mumuuze pomwe pali sitepe kapena muzu, ndipo potsika mumugwire dzanja. Ana akhungu lakuda nawonso amapsa. A SPF 30 awakwanira.

Funso: Tili ku Cape Maclear masiku atatu. Pa zilumba za pafupi, n'chiti choyenera ana a zaka 5 ndi 7? Nanga mwana akasochera titani? — Aphunzitsi, Ntcheu

Yankho: Aphunzitsi, zilumba za kumeneko zili m'paki ya Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo zambiri ndi miyala ndi zitunda. Domwe ndi phiri lenileni, njira yake yokwera si ya ana amsinkhu uwu. Mumbo ili ndi tinjira tatifupi ta m'nkhalango, koma ili makilomita pafupifupi 10 kuchokera kugombe, ndiye funsani kaye ngati amalandira ana komanso mmene nyanja ilili tsikulo. Thumbi ndi yapafupi, yabwino kukaona nkhwazi zikutola nsomba ndi mbuna zikusambira m'mphepete mwa miyala, koma ndi ulendo wa boti kuposa wa miyendo. Miyala ya m'mphepete mwa madzi yomwe yamera ndere imaterera koopsa, ana atsike pomwe woyendetsa boti wawalozera.

Woyenda wapansi weniweni ndi wopita ku Otter Point, womwe uli kumtunda konko, kudzera pageti la paki. Ndi waufupi, uli ndi mithunzi, ndipo chapafupi pali manda a amishoni a Livingstonia omwe adafika pamalowa mu 1875. Chakudya chikhale m'chikwama chotseka chifukwa cha anyani. Mwana woyenda ndi nthochi m'manja amatsatidwa.

Pa boti, musakwere musanaone majekete oyandamitsa a saizi ya ana. Mukamuveka, mkokereni m'mwamba pamapewa: jekete likafika m'makutu n'lalikulu, lidzavuka m'madzi. Wolokani m'mawa, poti mphepo imakonda kukula masana. Gombe la Chembe limadziwika ndi likodzo, ndiye ana akasewera m'madzi kawayezetseni pakatha miyezi iwiri kapena itatu ngakhale asakudandaula kanthu. Mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel sagwira bwino tizilomboti tisanakhwime, choncho kumwa tsiku lobwerera n'kutaya mankhwala. Mwana akatentha thupi mutabwerako, kayezetseni malungo tsiku lomwelo.

Za kusochera, konzani musananyamuke. Wamkulu mmodzi patsogolo, wina pambuyo, ana pakati, ndipo palibe mwana wopyola wapatsogoloyo. Avale malaya owala, ofiira kapena achikasu, osati obiriwira kapena akhaki. M'mawa uliwonse ajambuleni pafoni kuti mukamafunsa anthu muzionetsa zomwe avala tsikulo. Lembani nambala yanu ndi dzina la malo omwe mukugona pakapepala, muike m'thumba la mwana aliyense. Mupachikeni wezulo pa lamba wa chikwama kapena wa buluku, osati m'khosi, ndipo muphunzitseni kuti akapanda kukuonani aime pomwepo, asakufunefuneni, aimbe katatu, apume, aimbenso katatu. Yesererani pabwalo kawiri kapena katatu ngati sewero. Inu mukazindikira kuti wasowa, mmodzi atsale ndi ana enawo pomwe mudamuona komaliza, wina ayambe kuyang'ana kumadzi, kenako m'njira yomwe mwadzera. Pakatha mphindi 10 osamupeza, dziwitsani alonda a paki ndi asodzi omwe ali pafupi kuti mabwato ayambe kuzungulira m'mphepete.